Chaka Chimene Witilofu ya a Nand Inawola

Achimwene anga a Nand Goovaerts anali munthu woti ukawapatsa moni m'mawa, ankayamba ayang'ana kaye m'manja mwako. Sindikuwanamizira ayi. Ine Zulma ndinakhala nawo nyumba imodzi zaka makumi atatu, kuchokera pamene mwamuna wanga anamwalira ine n'kubwerera kwathu, mpaka tsiku limene tinakawaika iwonso. Wapositi akachedwa pageti, ndiye kuti akuwerenga maenje athu a witilofu, ndiwo yamasamba ija ya mitu yoyera imene timaiphukitsa mumdima. Ansembe akafunsa kuti kumunda zikuyenda bwanji, ndiye kuti atumidwa. Ngakhale galu wongodutsa akanunkhiza mpanda, a Nand ankati, "Ameneyu ali ndi mwini wake, mumuone bwino."

Gwero la zonsezi chinali chitini. Chitini cha mabisiketi, chakuda bii ndi ukalamba, chodzaza njere za witilofu, chimene chinkagona m'kabati ya kuchipinda kwawo, kiyi ali m'khosi. M'mudzi mwathu muno, kuchokera kumsewu wa ku Leuven mpaka kungalande, nthawi imeneyo khomo lililonse linkalima witilofu, ndipo khomo lililonse linali ndi mbewu yakeyake yosiyiridwa ndi makolo. Ena yawo inkatchuka ndi kufulumira, ena ndi kulemera. Yathu inkatchuka ndi chinthu chimodzi: sinkawola msanga. Ya anzathu ukagula Lolemba, pofika Lolemba linalo masamba ayamba kuda m'mphepete, mutu walobodoka. Yathu masabata atatu ili gwa, yoyera mbee. Eni masitolo a ku Brussels ankachita kulimbirana mabokosi a nambala yathu ku okushoni.

Sikuti zinagwa kumwamba. Ntchito yake ndi yomwe ija ya aliyense: kufesa mu Meyi, kuzula mizu chisanu chikamayandikira, kuiimika mothinana m'dzenje, kukwirira ndi dothi lofewa, udzu wa tirigu pamwamba, malata pamwamba pake, kambaula ka malasha kumapeto kakutenthetsa madzi oyenda m'mapaipi a pansi. Pakatha masabata atatu kapena anayi mumagwada m'matope n'kumafukula mitu yoyera imene yaphukira mumdimamo. Pamene bambo athu ankasiyana ndi anzawo ndi posankha mizu yodzaberekera njere. Ena ankangotola mutu wokongola n'kusunga muzu wake. Bambo ankadula mitu mazana awiri mu Januwale, kulemba nambala pamuzu ndi papepala labuluu lokulungira mutu wake, n'kukayala mituyo m'chipinda chapansi. Tsiku la makumi awiri ndi limodzi ankatsikako ndi mpeni. Mutu umene unali ukadali wolimba, woyera mpaka m'kati, muzu wake ndiwo unkabzalidwa kuseri kwa nyumba kuti uchite maluwa. Mizu yotsalayo inkapita kwa ng'ombe.

"Yokongola pa tsiku lofukula ndi ya chitsiru chilichonse," ankatero bambo.

Njere zikauma mu Ogasiti, ankazithira m'chitini chija pamwamba pa zakale n'kuvundula, ati kuti dzanja la agogo lisachokemo. Makomo ambiri ankatero. Palibe ankaganiza zosunga za chaka chino pazokha, za chaka chatha pazokha.

Bambo atatsala pang'ono kutisiya anaitana a Nand, ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, n'kuwapatsa kiyi. Ndinalipo, ndinamva ndi makutu angawa. Anati, "Mbewuyi ikadzasakanizika, usadzaigulitse ndi dzina langa." Basi, mawu omwewo. Wina akanawamva n'kumadya bwinobwino. A Nand anawameza, ndipo anawakhala pakhosi moyo wawo wonse.

Sanakwatire. Panali mtsikana wina, Leonie, mwana wa wophika buledi, ndipo zinthu zinali zitafika poti ansembe alengeze m'tchalitchi. Tsiku lina mwana wa eni ake, akundithandiza kupukuta mbale, anangofunsa mwachibwana kuti, "Kodi njere zotchukazo mumasunga pati?" A Nand anamva ali pakhomo. Ukwati unathera pomwepo, ndipo Leonie anakalamba osadziwa chimene analakwa.

Koma ndisawaipitse mbali zonse, anali achimwene anga ndipo ndinkawakonda. Dothi ankalidziwa. Kutentha kwa dzenje ankayeza ndi chigongono, ati kachipangizo koyezera anakapanga ndi munthu amene sitikumudziwa. Tsiku lofukula, chisanu chikuluma zala, thumba logwadira langa ankayamba alitenthetsa pambaula n'kungoliponya patsogolo panga osanena kanthu. Ndikati zikomo, ankati, "Ukadwala akulunga witilofu ndani?"

Mnzawo anali mmodzi yekha, a Dolf Wuyts, amene tinkagawana nawo mpanda. Anakhalira benchi imodzi kusukulu, ndipo Lamulungu lililonse Misa ikatha ankakamenya njuga kubala yapafupi ndi tchalitchi, akutukwanana ngati ana. A Dolf anali munthu wamimba, wanthabwala, woseka ndi thupi lonse. Iwowa ndiwo ankawatcha achimwene anga kuti Apolisi. "Apolisi, lero mwagwira angati?" Akanakhala wina akanaona zakuda, koma achimwene ankawalekerera a Dolf.

M'chaka cha 1975 a Dolf anachita zinthu ziwiri zimene zinawadya achimwene mumtima. Anasiya mbewu ya makolo awo n'kugula ya m'mapaketi, ya kampani. Ndiye anabweretsa ming'oma itatu ya njuchi n'kuiika pafupi ndi mpanda. Ina mwa mbewu yogulayo inathamangira kuchita maluwa, a Dolf osaizula. Maluwa abuluu uko, maluwa abuluu kwathu kuno pa mizu yoberekera ija, njuchi zikungodutsa pamwamba pa mpanda ngati ndi kwawo.

"Iwe Dolf, zula zinyalala zakozo," anatero achimwene ali chiimire pampanda.

"Apolisi, mwayamba kumanga ndi njuchi zomwe? Zipatseni samani."

"Sindikuseka ine. Zikuchoka pa zako n'kudzatera pa zanga."

"Ndiye ndizimange zingwe m'miyendo? Uziuze wekha kuti kwa Goovaerts salowa popanda chilolezo."

A Dolf anazula patapita masiku anayi, akuimba mluzu. Achimwene anawerenga masikuwo n'kuwasunga. Njere za chaka chimenecho anazengereza nazo sabata yathunthu, zili panyuzipepala, akuzizungulira. Koma kulumpha chaka osathira m'chitini kunali ngati kulumpha Pasaka. Anathira, n'kuvundula monga mwa nthawi zonse.

Kenako kunabwera chilala cha 1976. Kumwamba kunangoti mbee, dzuwa loswa mtengo, sabata ndi sabata. Tinafesa mu Meyi n'kuthira kafeteleza pang'ono, poti witilofu imafuna nthaka yanjala. Sizinamere. Apa kamodzi, apo kamodzi, ngati tsitsi pamutu wadazi. Kumapeto kwa Juni achimwene anafesanso, n'kuthiranso feteleza wina kuti mbewu ithamange. Madzi tinkakatunga kungalande ndi migolo.

"Ukauza munthu kuti tafesa kawiri, ndikudula lilime," anandiuza.

Kufesa kawiri kunali manyazi, kunkatanthauza kuti mbewu yako ndi yofooka. Munthu akafunsa tinkati tikupalira. Masiku omwewo ndinkawaona anzathunso ali chiweramire m'minda mwawo, nawonso ati akupalira. Kupalira chiyani, udzu womwe utapsa?

Mvula inabwera mu Seputembala, yosakata. Feteleza yense uja, woyamba ndi wachiwiri, amene anangokhala m'fumbi miyezi yonseyo, anasungunuka kamodzi. Masamba anakwera mpaka m'mawondo, obiriwira mochita kuda. Pofika nthawi yozula anali asanayambe n'kufota komwe. Mizu inatuluka ikuluikulu, yodzaza madzi.

Ine ndinanena. Ndinati, "Achimwene, paja bambo ankati muzu uziyamba wamva njala n'kugona usanauzule. Iyi yakhuta, ndipo ili maso."

"Iwe Zulma, ntchito yako ndi mpeni ndi pepala. Bambo anadutsa chilala cha 1947, witilofu yawo inakhala masabata atatu. Mbewu yathu sidziwa nyengo."

Ndinapitiriza kuzula. Lero ndikudziwa kuti chaka chimenecho bambo analibe feteleza wothira kawiri, koma nzeru zimenezi zinandifika mochedwa.

Dzenje loyamba tinafukula kumayambiriro kwa Disembala. Abale inu, mitu yake! Ikuluikulu, yonyezimira, yoti n'kujambulitsa. Koma ine amene ndinkaisenda masamba akunja n'kuikulunga, zala zinandiuza zina. Inali yopepuka pa msinkhu wake, ndipo ukaifinya pang'ono inkabonyeka ngati buledi wa lero. Sindinanene, ndinali nditauzidwa kale ntchito yanga.

Patapita masiku ochepa woyendera katundu wa ku okushoni anawakokera achimwene kuseri kwa milu ya mabokosi, n'kuwaonetsa bokosi lathu lobwezedwa kuchokera ku Brussels. Ndi mmene ankachitira munthu ameneyo: dandaulo ankakuuza uli wekha, monong'ona, kuti asakuyalutse pagulu. Achimwene anabwera nalo kunyumba ataliphimba ndi thumba. Atalitsegula patebulo, fungo guu! M'mphepete mwa masamba muli bii, patsinde pakuterera. Masiku asanu ndi anayi okha chifukulireni.

Woyamba kuganiziridwa ndinali ine. Ati ndinakulunga ndi manja onyowa. Ati mpeni wanga ndinadulira anyezi. Ndinauponya mpeniwo patebulo n'kunena kuti, "Zaka zonsezi ndakhala ndikukulunga ndi mapazi? Kulungani nokha!" Anakulungadi okha sabata yathunthu, ine ndikuluka sokosi pafupi ndi moto, mtima ukuwira. Zinawolabe. Ndiye anatembenukira kwa wogulitsa mapepala, ati pepala la chaka chino n'lopyapyala, likulowetsa kuwala. Kenako wa malasha, ati akutipatsa otentha kwambiri mwadala. Kenako woyendera katundu yemwe uja, ati akusinthanitsa mabokosi. Anafika pojambula kamtanda ka pensulo pansi pa bokosi lililonse. Mabokosi ankabwerera ndi timitanda tawo.

Za kubala ankandiuza okha. Ati ankafunsa mozungulira, maso ali pa njuga.

"Zikuyenda, amuna inu?"

"Ngati kale," wina ankatero.

"Chaka chabwino," winanso.

"Yanga ndiye mwala," ankatero a Dolf, akumenya khadi patebulo. "Nanga ya Apolisi?"

"Masabata atatu," achimwene ankayankha osaphethira.

Akafika kunyumba ankangokhala duu, supu n'kuzizira patsogolo pawo. "Wamva, Zulma? Onse zili bwino. Dzuwa linatentha tonse, mvula inagwa pa tonse. Ndiye vuto lili pa ife tokha. Lili m'chitini."

Safunsa anadya phula. Koma kwathu kuno kufunsa kwenikweni kunalibe. Munthu akanalolera kuvomera kuti mkazi wake wathawa kusiyana ndi kuvomera kuti witilofu yake ikuwola.

Khirisimasi itangodutsa, masana ena, achimwene anapita kumpanda. A Dolf anali kuthira malasha m'kambaula kawo. Ine ndinali pazenera la khitchini, nditalitsegula pang'ono.

"Dolf, masiku anayi aja unkadikira chiyani?"

"Masiku ati?"

"Usadzipusitse. Maluwa aja. Inakulonjeza chiyani kampani yako kuti undiphere mbewu?"

A Dolf anaika fosholo pansi. Koyamba m'moyo wanga ndinaona nkhope yawo yopanda nthabwala. "Ukuti chiyani, Nand? Yako yatani?"

Apa mpamene nkhani ikanathera. Achimwene akanangoti yawola, liwu limodzi. A Dolf anali atayandikira kale kumpanda ngati munthu amene ali ndi zake zakukhosi. Koma achimwene anati, "Yanga siinatani. Ndikungofuna udziwe kuti ndikudziwa."

"Ngati siinatani, ukundinamiziranji? Zaka makumi asanu, Nand! Choka pampanda wanga."

"Mpandawu anabzala ndi bambo anga."

Njuga ya Lamulungu inathera pomwepo. Kutchalitchi wina akakhala kumanja, wina ankakhala kumanzere.

Nanenso ndisadziyeretse. Matenda a achimwene anali atandilowa. Ndinapita kwa Sidonie, mkazi wa a Dolf, ati kukabwereka sefa, koma chimene ndinapita nacho ndi maso. Mnzanga amene ankandilowetsa mpaka kuchipinda, tsiku limenelo anandichingamira pabwalo n'kuima pakati pa ine ndi shedi yawo yosendera. Chitseko cha shedi chinali chotseka, pazenera atapachika thumba. Sefayo anachita kundibweretsera panja.

"Bwanji mnzanga, wabisa chibwenzi m'shedimo?" ndinamufunsa ndikuseka kunja kokha.

"Mukuzizira muja," anatero, maso ali kumbali.

Ndinabwerera ndili wefuwefu. "Achimwene, munanena zoona. Anthu aja akubisa kanthu." Mawu amenewo ndimawamvabe mpaka lero, ndipo amandiwawa. Sindinaganize n'komwe kuti shedi yathunso inali yotseka, pazenera pali thumba.

Mu Januwale achimwene anachita mwambo wa bambo. Mitu mazana awiri, manambala pamizu, manambala pamapepala, ndipo pachitseko cha chipinda chapansi anakhoma loko watsopano. Ankatsikako m'mawa uliwonse, ine ndikumvetsera mapazi pamakwerero. Tsiku lachisanu ndi chinayi anatuluka ndi chidebe chodzaza. Lakhumi, chidebe china. Mutu wotsiriza unafika tsiku lakhumi ndi chiwiri. Anauika patebulo n'kuudula pakati, m'kati muli ngati mwathiridwa khofi. Panalibe muzu ndi umodzi womwe woyenera kubzala. Mawa lake mlimi wa ng'ombe anabwera ndi ngolo n'kutenga mizu yonse, yamanambala ndi yopanda manambala yomwe. Kunatsala chitini.

"Ndizitentha," anatero pa chakudya chamasana, ngati akunena za nyengo.

Supuni inandigwa. "Mwapenga? Njere za agogo?"

"Za agogo zinatha. Muli za Dolf umo, ndinavundula ndi dzanja langa lomwe. Ungazisankhe iwe? Ungandiuze kuti iyi ndi yathu, iyi ndi ya m'paketi?"

"Fesani kamzere kamodzi chaka chino, muone. Kuona maso a nkhono n'kudekha, achimwene."

"Ndione chiyani chimene sindinaone? Mitu mazana awiri yandiuza. Zikakhala m'nyumba muno, tsiku lina ndidzafooka n'kuzifesa. Kapena ndidzafa, iwe n'kuzigawa, anthu azikagulitsa zowola ati mbewu ya kwa Goovaerts. Unamva zimene ananena bambo."

"Bambo anati musagulitse, sanati mutenthe!"

Ndinalira, ndinatukwana, ndinawatcha maina amene ndinakalapa kwa ansembe Loweruka lake. Ndinati tipite nazo kwa odziwa zaulimi akaziyeze. Ati amenewo ndiwo oyamba kuba. Ndinati funsani munthu mmodzi yekha, mmodzi, mumuuze zoona muone zimene ayankhe. Ati, "Kuti mawa mudzi wonse uzindiseka?"

Linali tsiku lachiwiri la Febuluwale, lodalitsa makandulo, titangobwera ku Misa. Anatsitsa chitini n'kuchitsegula patebulo, ati aziyang'ane komaliza. Atawerama kuti avale nsapato zakumunda, ine ndinapisa dzanja mwachangu, kutapa, n'kuponya m'thumba la epuloni. Sanatembenuke n'komwe.

"Khuthula thumbalo, Zulma."

Pa anthu onse amene anawaganizira moyo wawo wonse, wakuba weniweni amene anamugwira ndinali ine. Ananditembenuzitsa thumbalo, n'kutola ndi chikhadabo tinjere totsalira mumsoko.

Dzenje lomaliza linali litafukulidwa kale, koma kambaula kake anakakoleza dala. Ndinaima pakhomo la khitchini, sindinathe kuyandikira. Ankathira pang'onopang'ono, dzanja limodzi, kudikira, linanso. Njerezo zinkathetheka ngati mchere pamoto. Atamaliza anavula chipewa, anaima pang'ono, n'kuchivalanso. Ndinakazinga zitumbuwa zopyapyala zimene timadya tsiku limenelo, koma palibe anazikhudza.

Miyezi iwiri inadutsa nyumba ili zii. Tinkapatsana mchere ndi buledi osayang'anana. Chondipsetsa mtima kwambiri chinali chakuti achimwene ankaoneka opepukidwa, ngati munthu amene wazulitsa dzino. Ankadya, ankagona, ankayang'ana kumpanda monyada, ati Dolf wapha mbewu koma dzina sanalithe. Zoti afesa chiyani mu Meyi sankanena, nane sindinkafunsa.

Mu Epulo kunali msonkhano wa alimi kuholo ya parishi. Achimwene sanapite. Sankapita kumisonkhano, ati n'kokawedza zinsinsi za anthu. M'mawa mwake ndikuyanika zovala, ndinaona a Dolf akubwera, osati podumpha mpanda monga kale, koma pageti penipeni, chipewa chili m'manja. Achimwene anali pabenchi, akunola khasu.

"Nand."

"Wakutuma ndani?"

"Palibe. Ndabwera ndi manyazi anga. Ndikhale?"

Anakhala osadikira chilolezo.

"Dzulo kunabwera munthu wophunzira za nthaka, wochokera mumzinda," anayamba a Dolf. "Anaima kutsogolo n'kunena kuti amene witilofu yake inawola chaka chino aimike dzanja. Zii. Ndiye woyendera katundu uja anaimirira, ati watopa n'kunong'ona, n'kuulula kuti mabokosi anabwezedwa a khomo lililonse. Lililonse, Nand! Tonse tinangoyang'ana nsapato. Kenako zinayamba kutuluka. Aliyense anafesa kawiri, aliyense anathira feteleza kawiri, aliyense anazula mizu yosakhwima. Ati muzu wokhuta chotero umabereka mutu wamadzi, sungakhalitse. Si mbewu ayi. Ndi chaka."

Mwala wonolera unaima m'dzanja la achimwene.

"Unkati yako ndi mwala."

"Mwala wa chiyani! Masiku atatu, anayi ikakomera. Nkhumba zanga zinafika poikana. Sidonie ankakwirira kuseri kwa khola kuti mlongo wakoyu asaone. Nanga iwe sunkati masabata atatu?"

A Dolf anasendera pafupi n'kupitiriza.

"Koma tamvera chimene ndadzera. Woyendera uja anati pa nambala zonse, imodzi yokha ndiyo inkafika masiku asanu ndi anayi, khumi, m'chaka choipa ngati chimenechi. Sanatchule dzina, koma holo yonse inayamba kutembenuka kukufunafuna. Wophunzira uja anachita kulemba m'buku mwake, ati mbewu yotero isatayike." A Dolf anapotokola chipewa chawo. "Ndinalakwa kutaya ya bambo anga, za m'mapaketizi zandikwana. Sindikupempha zambiri, mnzanga. Supuni imodzi yokha, ndiyambire. Ming'oma ija ndiichotsa lero lomwe, ukafuna uitenthe wekha."

Ine ndinali chiimire, malaya onyowa ali m'manja, madzi akutsikira m'zigongono. Ndinkadikira kuti achimwene anene kuti ndi bodza, ndi msampha, mwapangana. Ndinkafunitsitsa anene zimenezo, mwina zikanawapepukira. Koma tsiku limenelo anamukhulupirira munthu.

Anadzuka ngati nkhalamba ya zaka makumi asanu ndi atatu n'kulowa m'nyumba. Tinamva mapazi pamakwerero, kabati ikutseguka. Anatuluka ndi chitini n'kuchiika pamiyendo pa a Dolf.

Nkhope ya a Dolf inawala. "Aa, Apolisi, chonsechi? Ndati supuni imodzi yokha." Anachinyamula, n'kumva kupepuka kwake. Anatsegula. Anayang'ana achimwene, anayang'ana ine.

"Nand, wazisamutsira kuti?"

"M'mbaula."

"Zonse?"

Achimwene anakhala pansi, manja ali lende pakati pa mawondo. A Dolf ananyowetsa chala ndi malovu n'kuyamba kuchiyendetsa m'makona a chitinicho, limodzilimodzi, mumsoko wapansi, m'kati mwa chivundikiro, akuchiyang'anitsitsa chalacho padzuwa. Ankangovutika chabe. Chitinicho ndinali nditachitsuka ndine tsiku lotentha njere lija, ndi madzi otentha ndi soda, kawiri, achimwene ataima pambali panga.